Polemba driver ya Linux, restore musaiyese ngati thaw

Ngati chipangizo chanu chimadzuka bwino pa suspend (kugona RAM ikadali ndi magetsi) koma chimangoti zii kompyuta ikachoka pa hibernate (kusunga za mu RAM pa disk n'kuzimiratu), yambani mwayang'ana restore mu dev_pm_ops, mndandanda wa ma function a driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) amene kernel, mtima wa Linux, imaitana pogoneka ndi podzutsa chipangizo. Freeze, thaw, poweroff ndi restore onse ali m'menemo.

Nkhani yake ili apa. Thaw imabwera kernel ikangojambula zonse za mu RAM, magetsi asanazime, choncho chipangizo chimakhala monga freeze, imene imachiimitsa kujambulako kusanayambe, inachisiyira. Restore ndi ina: imabwera makina akayatsidwanso n'kubwezeretsa zimene zinajambulidwa zija. Pofika pamenepo makina anazima, firmware (pulogalamu yoyamba kuyenda makina akayaka) inadutsapo, ndipo kernel yoyatsira makina mwina inachigwira kale chipangizocho n'kusintha ma register ake (timalo tosunga makonzedwe a chipangizo). Zimene driver ikukumbukira sizikugwirizananso ndi zimene zili m'chipangizomo.

Ndiye mu restore musakhulupirire chilichonse. Chitani reset, lembaninso ma register onse kuchokera pa zimene munasunga mu freeze, kenaka muyatse DMA (njira imene chipangizo chimafikira RAM pachokha) ndi ma interrupt (zizindikiro zimene chimatumiza ku purosesa). Mu freeze namonso musazimitse chipangizo, ingochiimitsani. Kuzimitsa ndi ntchito ya poweroff.

Poyesa, lembani reboot mu /sys/power/disk, kenaka disk mu /sys/power/state. Makina adziyatsanso okha n'kudutsa mu restore yeniyeni. Kulemba devices mu /sys/power/pm_test n'kothandiza, koma kumeneko makina sazima n'kudziyatsanso ayi.