Kukonza kaphwando ka tchuthi kosadula kwa ophunzira otsalira pa koleji

Mwatsala ochepa m'mahositelo, ndalama n'zoperewera, koma mukufuna kusangalala limodzi? Chitani motere.

Yambani ndi chilolezo. Kutatsala masabata awiri, kapempheni chipinda chochezeramo kwa woyang'anira mahositelo, ndipo mufunsiretu ngati kuphika n'kololedwa. Pa tchuthi wosunga makiyi nayenso amachoka.

Kenako lembani maina. Werengani okhawo amene asonkha, osati aliyense wongoti "tibwera". Kusonkha kuthe kutatsala masiku atatu. Amene alibe ndalama musamuchititse manyazi, mupatseni ntchito yophika kapena yokonza malo. Funsaninso amene sadya nyama ndi amene zakudya zina zimawadwalitsa.

Phikani chakudya chachikulu chimodzi. Ngati ndi mpunga, magalamu 80 wosaphika amakwanira munthu mmodzi, ndiye anthu 20 muwagulire makilogalamu awiri kuti pasakhale wosemphana nawo. Zina zonse gawanani polemba, apo ayi mudzaona zakumwa zadzaza tebulo koma ndiwo palibe. Aliyense abwere ndi mbale, kapu ndi supuni yake.

Phikani tsiku lomwelo, ndipo chakudya chisakhale pa tebulo kupitirira maola awiri. Mpunga ndiye wovuta kwambiri: tizilombo tina sitifa pophika, timachulukana mpungawo ukamazizira pang'onopang'ono, n'kutsegula anthu m'mimba.

Ketulo ndi mbaula yamagetsi musazilumikize pa ekistenshoni imodzi. Ketulo yokha imakoka mawati pafupifupi 2000, waya amatentha kapena magetsi amathima.

Sankhiranitu anthu atatu osesa ndi kubweza makiyi, chifukwa nyimbo zikangotha anthu amazemba mmodzimmodzi.