Kusamalira khanda pakhomo likachitidwa opaleshoni ya mtima

Mwana wanga anabadwa ndi bowo pakati pa zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima, lomwe madokotala amalitcha VSD. Anakalitseka ku India ali ndi miyezi 8, ndipo titafika kwathu ku Chilomoni chisamaliro chonse chinatsalira ife apakhomo.

Choyamba ndi kanyamulidwe. Kuti afike pamtima, madokotala amatsegula fupa la pachifuwa n'kulimanganso, ndipo limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Nthawi yonseyi musamunyamulire m'khwapa, musamukoke mkono. Dzanja lina lichirikize mutu ndi khosi, lina kumatako. Apa m'pamene panandivuta kwambiri, chifukwa amayife tinazolowera kugwira mwana mkono n'kumukwezera kumsana osaganizira n'komwe. Apongozi anga atatenga chitenje ndinawagwadira. "Amayi, pepani, ameneyu tisamubereke kaye mpaka adokotala atalola." Anandimvetsa, ndipo ndiwo ankaletsa alendo kumulandira m'manja. Wachimfine aliyense ankathera pakhonde, makamaka masiku a chiperoni. Mbaula nayo tinaitulutsa panja chifukwa cha utsi.

Chilonda chizikhala chouma. Mupukuteni ndi kansalu koyera m'malo momuviika m'beseni, ndipo osapakapo Vaseline, paudala kapena mankhwala achikuda. Muzichiyang'ana m'mawa uliwonse kukawala.

Mankhwala muziyeza ndi sirinji, osati supuni. Wanga ankamwa furosemide, wochotsa madzi ochuluka m'thupi. N'chifukwa chake mwana wotere akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba amatha madzi msanga, ndiye osadikira kuti kuche. Akasanza atangomwa, musamumwetsenso musanafunse achipatala.

Amatopa poyamwa, choncho muyamwitseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo kusikelo osajomba. Kukwera kwa sikelo ndiko kunkandikhazika mtima pansi kuposa mawu a munthu aliyense.

Thamangirani kuchipatala thupi likatentha kufika madigiri 38, akamapuma mofulumira kapena mobanika, milomo ikada, nkhope kapena mimba ikatupa, akakana bere, akamatuluka thukuta poyamwa, kapena chilonda chikafiira n'kuyamba mafinya. Musangoti ndi malungo n'kukagula mankhwala pagolosale. Madzi amatha kusonkhana mozungulira mtima ngakhale patapita masabata angapo, ndipo amaoneka akaunika mtima ndi makina otchedwa echo. Mukafika, nenani msanga kuti mwanayu anachitidwa opaleshoni ya mtima, muonetse buku lake la kuchipatala ndi makalata onse. Ine ndinawajambulanso pafoni kuopa kutayika.

Za katemera funsani adokotala ake, chifukwa mwana akaikidwa magazi, katemera wa chikuku amatha kumukankhira mtsogolo.

Tsiku lokamuonetsanso kuchipatala cha Gulupu musaliphonye ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Ndalama ya minibasi ya tsikulo ndimaisunga padera, m'buku lake momwemo.