Momwe mungamuyezere mtolankhani wa nkhani zakunja musanamukhulupirire

Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu February 2022, kukwera mtengo kwa feteleza ndi mafuta kunatipeza konkuno ku Blantyre. Gulu loukira boma la M23 pomwe linkalanda mzinda wa Goma mu January 2025, asilikali athu anali komweko kum'mawa kwa DRC, ndipo ena sanabwerere amoyo. Tili ndi abale ku Joni, ena ali m'minda ya ku Israel. Nkhani zakunja zimatikhudza ndithu, koma timazimva kuchokera kwa munthu amene sitimudziwa. Nazi njira zomuyezera.

Choyamba, muyeseni ndi nkhani imene inuyo mukuidziwa. Mlimi wochenjera amayamba waika pa sikelo ya venda thumba lomwe akudziwa kale kulemera kwake. Lembani dzina la mtolankhaniyo pa Google pamodzi ndi dzina lakuti Malawi, muone zomwe analemba. Ngati analemba za namondwe wa Freddy mu March 2023, kodi akutchula bwino Chilobwe ndi phiri la Soche? Analankhula ndi anthu amene matope anawagwetsera nyumba, kapena anangomva kwa mabwana a mabungwe basi? Ngati analemba za chigamulo cha pa 3 February 2020 chomwe chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, kodi anafotokoza zifukwa za khoti molondola? Munthu amene akuphonya za pakhomo panu, musamuyembekezere kulondola za ku Sudan kumene simungathe kumutsutsa. Kwa ine njira iyi ndiye yoposa zonse. Ngati sanalembepo za kuno, muyeseni ndi za ku Mozambique kapena South Africa, kumene muli ndi wachibale woti n'kumufunsa.

Chachiwiri, onani kumene anali polemba. Pamwamba pa nkhani pamakhala dzina la mzinda. Nkhani zambiri za chigawo chathu zimalembedwa ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Umenewo si mlandu, bola anene poyera kuti anamva pa foni. Ku Gaza, kuyambira mu October 2023, Israel inaletsa atolankhani akunja kulowa paokha, ndipo ochepa amene ankalowa ankaperekezedwa ndi asilikali. Woyenda ndi asilikali amaona zomwe asilikaliwo amuonetsa, ndipo woona mtima amakuuzani zimenezo m'nkhani momwemo. Mukamawerenga tsamba la nkhani zakunja mu The Nation kapena The Daily Times, yang'ananinso ngati nkhaniyo yachokera ku nyumba zofalitsa nkhani zakunja monga Reuters, AFP kapena BBC.

Chachitatu, dziwani amene amamulipira. Mwa nyumba zoulutsira nkhani, Al Jazeera imathandizidwa ndi ndalama za boma la Qatar, CGTN ndi Xinhua ndi za boma la China, RT ndi ya boma la Russia, DW imayendera misonkho ya anthu a ku Germany, ndipo BBC World Service imalandirako ndalama ku boma la Britain. Izi sizikutanthauza kuti onsewa ndi ofanana kapena kuti amanama nthawi zonse. Zikungokuuzani poyenera kutsegula maso. Fufuzani ngati mtolankhaniyo analembapo nkhani yosasangalatsa mwini thumba. Ngati mulibe ngakhale imodzi, nkhani zokhudza dziko limenelo muzikazimvanso kwina.

Chachinayi, funsani kuti anamuuza ndani. Apa ndi pamene ngakhale nyuzipepala zotchuka zimagwera. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 isanayambe, The New York Times inasindikiza nkhani zingapo zosonyeza kuti Saddam Hussein, pulezidenti wa Iraq nthawi imeneyo, anali ndi zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri. Zambiri zinkachokera kwa akuluakulu a boma la America osatchulidwa mayina ndi kwa anthu othawa ku Iraq amene ankafunitsitsa kuti Saddam achoke. Zidazo sizinapezeke, ndipo mu May 2004 nyuzipepalayo inavomereza kuti sinafufuze mokwanira. Nthawi imeneyo n'kuti anthu ambiri atafa kale. Choncho mukaona mawu akuti "mkulu wina amene sanafune kutchulidwa", werengani kuti anthu otere alipo angati, ali mbali iti, ndipo apindulanji inu mukakhulupirira. Kubisa dzina kuli ndi malo ake, makamaka pomwe munthu angamangidwe, koma nkhani yonse isaimire pa munthu mmodzi wobisika.

Chachisanu, ikani nkhani ziwiri pambalipambali. Tengani za tsiku limodzi kuchokera ku nyumba zoulutsira nkhani zosiyana eni. Zomwe zikugwirizana, monga malo ndi tsiku, n'zodalirika kwambiri. Kukondera nthawi zambiri kumabisala mu zomwe zasiyidwa. Wolemba za M23 osatchula kuti akatswiri a United Nations anapeza kuti Rwanda imathandiza gululi wakubisirani kanthu, ndipo wosanena zomwe Rwanda imayankha wakubisiraninso. Onaninso amene akutchedwa zigawenga, ndipo akuwatcha ndani. Nelson Mandela anachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa boma la America mu 2008, atakhala kale pulezidenti.

Kenako onani khalidwe lake akalakwitsa. Kodi amakonza poyera, kapena amangofufuta pa Facebook mwakachetechete? Kodi amasiyanitsa nkhani ndi maganizo ake? Ndemanga si yoletsedwa, koma ilembedwe kuti ndi ndemanga.

Za pa WhatsApp zija, zopanda dzina la wolemba ndi tsiku, musazitumize kwa ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ziwerengero za tsiku loyamba la ngozi kapena nkhondo zimasintha kawirikawiri. Chithunzi chiikeni pa Google Lens muone ngati si chakale, ndipo yang'anani ngati ofufuza zoona za nkhani monga Africa Check kapena AFP Fact Check anafufuzapo kale za nkhaniyo.