Momwe mungasankhire mipando, mabedi ndi makabati a ana olimba komanso osavulaza

Katundu wa m'chipinda cha ana sagulidwa ndi maso okha. Wamkulu amakhala pampando n'kudzukapo, basi. Mwana amauluma, amaukhwekhwereza, amaimapo, amaugubuduza n'kulowa kunsi kwake. Kabati kwa iye ndi chokwerapo, bedi ndi podumphira. Ndiye mukamapita kukagula kapena kukapangitsa kwa kalipentala, tengani tepi yoyezera, ndipo mukonzeke kugwedeza chilichonse wogulitsa akuona. Akayamba kunyinyirika kuti mukumuwonongera katundu, mwadziwa kale kuti katunduyo sangapirire mwana.

Choyamba: yezani mwana ndi chipinda

Apa sindichedwapo. Mwana akakhala pampando, mapazi aponde pansi bwinobwino, mawondo apindike osalendewera, ndipo tebulo lifike cha m'zigongono. Musagule chachikulu poti adzakula nacho, chifukwa mpando wotalika ndi umene ana amagwerapo. M'chipindamo, bedi, tebulo ndi chilichonse chokwereka chikhale kutali ndi windo komanso zingwe za makatani.

Chachiwiri: dziwani chimene apangira

Kutsogolo kwa kabati kumanama. Itembenuzeni muone kumbuyo, tulutsani dirowa muone kunsi ndi m'mphepete momwe sanapake kanthu. Thabwa lenileni mizere yake imapitirira mpaka kumapeto komwe analidula. Chipibodi chimaoneka timapande ta utuchi tomatidwa ndi guluu, ndipo MDF, bolodi ya ufa wa matabwa wopanikizidwa ndi guluu, imakhala yosalala, yopanda mizere. Ziwirizi si zoipa pa chilichonse, koma zimadana ndi madzi: zikanyowa zimafufuma osabwereranso, ndipo sikuluu ikazuka kamodzi siigwiranso pamalo omwewo. M'chipinda momwe madzi amatayika tsiku ndi tsiku komanso matiresi amanyowa usiku, miyendo ndi mafelemu zikhale za thabwa lenileni kapena chitsulo. Pulayiwudi wokhuthala ndi wabwino pa mashelefu ndi m'mbali mwa kabati, ndipo nthawi zambiri mtengo wake sulemera ngati wa matabwa olimba.

Paini ndi wofewa, amabonyoka mwana akamenyapo chidole, koma bedi la paini lolumikizidwa bwino limakhala zaka zambiri. Vuto ndi ogulitsa ena amene amapaka paini utoto wodera n'kumakutchulirani mtengo wa mbawa. Kanikizani chikhadabo kunsi komwe sikuoneka. Chikalowa mosavuta, ndi thabwa lofewa, kaya kunja lafiira bwanji. Muonenso timabowo ting'onoting'ono totuluka fumbi: limenelo ndi thabwa lofumbwa, lisiyeni.

Ngati mukupangitsa, funsani kuti matabwawo anaumitsidwa motani. Thabwa la mipando ya m'nyumba liyenera kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pakati pa 8 ndi 12 peresenti. Laliwisi limalemera, limazizira mukaligwira, ndipo likamauma m'nyumba mwanu limanyala n'kupindika, molumikizira monse n'kuyamba kuyasama. Mmisiri wolonjeza bedi mawa, matabwa atangofika lero kuchokera kocheka, ameneyo akufuna ndalama yanu yokha.

Nunkhizaninso mkati mwa madirowa. Guluu wa m'chipibodi ndi MDF amatulutsa mpweya wa formaldehyde, umene umayabwa m'maso ndi kukhosi, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004. Mabolodi olembedwa E1 amatulutsa wochepa. Katundu watsopano wonunkha kwambiri muyambe mwamuika podutsa mphepo, madirowa ali otsekula, asanalowe momwe mwana amagona.

Chachitatu: molumikizira

Mpando suthyoka pakati pa thabwa, umathyokera polumikizira. Gwirani ngodya ziwiri zoyang'anizana n'kupotoza pang'ono. Ukalira kapena kupendekeka, ndiye kuti waphatikizidwa ndi misomali kapena timawaya tokhomera basi. Polumikizira pabwino ndi pomwe thabwa lina lalowa m'bowo losemedwa mwa linzake n'kumatidwa ndi guluu, kapena pomangidwa ndi mabawuti okhala ndi mawasha. Mabawuti ali ndi ubwino woti akakhwepa mumangomangitsanso. Mukaona ufa wa utuchi wosakaniza ndi guluu atautsira m'mipata ya pangodya, dziwani kuti akubisa kusakwanirana kwa matabwa. Khalanipo inuyo wamkulu pa kampando ka mwanako. Kolimba sikadandaula.

Chachinayi: mipata ya bedi la khanda

Apa ndiye pofunika tepi ija. Pakati pa timitengo totchinga bedi la khanda pasapitirire masentimita 6. Chifukwa chake n'chakuti thupi la khanda ndi laling'ono kuposa mutu: miyendo ndi chifuwa zimadutsa, mutu n'kukodwa, khosi n'kutsala likulendewera. Makalipentala ambiri amatalikitsa timitengoti kuti asunge matabwa, ndiye muwauze muyezowu musanalipire kalikonse, ndipo mudzayeze mpata uliwonse polandira, osati umodzi wokha.

Matiresi akhale olimba, odzaza bedi lonse. Zala zanu zoposa ziwiri zikalowa pakati pa matiresi ndi thabwa, mpatawo ndi waukulu. Nsanamira za m'ngodya zisatuluke pamwamba, chifukwa zovala zimakolapo, ndipo zokongoletsa zoboola kumutu kwa bedi n'zosafunika. Mabedi amene mbali imodzi imatsika ndi kukwera analetsedwa kugulitsidwa ku United States mu 2011 ana atafera mumpata womwe umatseguka mbaliyo ikamasuka, koma akadapezekabe kwa ogulitsa katundu wakale, ndipo amatsika mtengo mokopa. Musawagule. Mapilo, zidole zofewa ndi zotchingira za thonje zomangirira m'mbali, zonsezo zisalowemo.

Chachisanu: kabati imangiriridwe kukhoma

Ngati pali gawo loti muwerenge kawiri, ndi lino, chifukwa ndi pomwe zinandivuta ine. Kabati ya madirowa ikangoima yokha imaoneka yolemera, yosasunthika. Koma madirowa odzaza zovala akatsekulidwa, kulemera konse kumapita kutsogolo kwa miyendo. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amatsekula dirowa ya m'munsi n'kupondapo, kenako yachiwiri, dzanja likufikira chimene waona pamwamba. Kabati imabwera yonse. Ikakhala pakapeti imagwa msanga kuposa pasimenti, ndipo ngati pamwamba pali TV, imatsogola ndi TV-yo.

Zimenezi si za makabati a m'misika okha. Mu June 2016 kampani yaikulu yogulitsa katundu wa m'nyumba ya IKEA inaitanitsa makabati a madirowa okwana 29 miliyoni ku United States, kuphatikizapo a mtundu wa Malm, ana angapo ataphedwa ndi makabati owagwera. Kuchokera mu September 2023 lamulo la kumeneko, lotchedwa STURDY Act, limafuna kuti makabati a zovala otalika kuyambira pafupifupi masentimita 69 aziyesedwa asanagulitsidwe, madirowa ali otsekula, ndi kulemera kofanana ndi mwana wa makilogalamu pafupifupi 27. Onani kuti masentimita 69 ndi kabati yofika m'ntchafu mwa munthu wamkulu. Yaifupi nayonso imapha.

Ine zomangirira ndinkazidziwa, ndipo kabati yathu inamangiriridwa tsiku lomwe inafika. Wogulitsa anatuma mnyamata wake kudzailumikiza, ndipo anabwera ndi kalamba kapulasitiki ndi timasikuluu tiwiri. Kamodzi anakalowetsa m'bolodi yopyapyala ya kumbuyo kwa kabati, kena kukhoma. Anaikankhira kukhoma, zonse zikuoneka bwino. Tsiku lina mwana wathu anakwera madirowa kuti atenge botolo la mafuta odzola lomwe linali pamwamba. Kabati inagwa n'kutsamira pa thabwa la kumiyendo kwa bedi, madirowa onse n'kukhuthukira pansi. Tinamupeza mumpata wa pakati pa bedi ndi kabati akulira, phewa litatupa. Bedi likanakhala patali pang'ono, bwenzi ndikulemba zina.

Nditayang'ana kumbuyo ndinapeza sikuluu ya kukhoma itazuka pamodzi ndi kachibuma ka pulasitala. Inali yaifupi kuposa mfundo imodzi ya chala, ndipo njerwa sinaikhudze n'komwe. Bolodi ya kumbuyo inali itayamba kung'ambika ngati katoni, pomwe sikuluu inayo inalowa. Kumangirira kotereku n'koopsa kuposa kusamangirira, chifukwa kholo limagona tulo poganiza kuti zonse zili bwino.

Kamangiriridwe koyenera ndi aka. Gulani zitsulo ziwiri zopindika ngati L, kapena malamba achitsulo opangira ntchito imeneyi. Timalamba tapulasitiki timauma pakapita nthawi n'kuduka, ngakhale tibwere m'katoni momwemo ndi kabati. Mbali ya kabati, sikuluu ilowe m'thabwa lokhuthala la pamwamba kapena la felemu, osati m'bolodi ya kumbuyo, yomwe kawirikawiri imangogwiridwa ndi timisomali. Mbali ya khoma la njerwa, boolani ndi dirilo kudutsa pulasitala mpaka mulowe m'njerwa yeniyeni. Mudzadziwa mwafika fumbi likasintha mtundu. Pewani mzere wa matope kapena simenti wa pakati pa njerwa, chifukwa umanyenyeka. Pemererani fumbi lituluke m'bowo, lowetsani pulagi yapulasitiki yokwanira bwino, kenako sikuluu ya masentimita 5 kapena 6. Pulagi ikamazungulira pamodzi ndi sikuluu, bowolo lakula, boolani pena. Musatsekeremo timitengo ta machesi monga amachitira ena pofulumira, sizigwira. Khoma likakhala la mabolodi, fufuzani pomwe padutsa thabwa la mkati pogogoda, sikuluu ilowe pamenepo.

Mukamaliza, tsekulani madirowa onse, gwirani pamwamba n'kukoka ndi mphamvu zanu zonse. Isasunthe. Mmisiri akakuchitirani ntchitoyi, imani pomwepo muone kutalika kwa sikuluu asanaikhome, ndipo kukokako mukoke nokha iye asanachoke. Amene muli m'nyumba za lendi, kambiranani ndi eni nyumba. Timabowo tiwiri timatsekeka mosavuta tsiku losamuka.

Chitani chimodzimodzi ndi wadiropu, shelefu ya mabuku ndi TV. Zolemera ziike m'madirowa a m'munsi, ndipo pamwamba pasakhale chidole, rimoti kapena china chokopa mwana. Pogula, sankhani kabati yotambalala pansi, yokhala ndi madirowa amene amaima akafika kumapeto osati kusololoka onse.

Chachisanu ndi chimodzi: penti

Khanda likayamba kumera mano limatafuna m'mphepete mwa bedi, ndiye chopakidwapo chimathera m'mimba. Choopsa kwambiri ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana osabwereranso, ndipo bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wosavulaza. Ku United States penti wa m'nyumba wokhala ndi mtovu analetsedwa mu 1978, ndipo malire omwe maiko ambiri akutsata pano ndi magawo 90 pa miliyoni, koma si maiko onse ali ndi lamuloli. Penti wamafuta wowala, makamaka wachikasu ndi wofiira, ndi amene amapezeka nawo kawirikawiri. Maso sangauone. Ngati mukupangitsa, gulani nokha penti wosungunula ndi madzi wolembedwa kuti alibe mtovu, mukapereke chitini chosatsekula. Mpando wakale wosupuka penti musaupale ndi sandipepa m'nyumba, fumbi lakelo ndiye poizoni. Ngati simukudziwa chomwe anapaka, usalowe kwa mwana.

Zotsalazi mwachidule

Bedi losanjikiza: mwana wosakwana zaka 6 asagone pamwamba. Zotchinga zikhale mbali zonse ziwiri, ngakhale ya kukhoma, zitalike masentimita 13 kupitirira pamwamba pa matiresi, ndipo mipata yake isapitirire masentimita 9. Matiresi okhuthala amadya kutalika kwa chotchinga, kumbukirani zimenezo posintha. Makwerero akhale omangidwa ndi mabawuti.

Mpando wautali wodyetsera khanda ukhale wotambalala miyendo, wokhala ndi malamba a m'mapewa ndi m'chiuno, komanso chotchinga pakati pa miyendo kuti mwana asaterereke kunsi kwa thireyi. Usaime pafupi ndi tebulo pomwe angadzikankhe ndi mapazi.

Bokosi la zidole labwino ndi lopanda chivundikiro. Ngati chilipo, chikhale ndi chogwiriziza choti chisamenyetseke pakhosi, chisakhale ndi loko, ndipo bokosilo likhale ndi mabowo a mpweya, chifukwa ana amabisalamo.

Ngodya zakuthwa auzeni amisiri azikhule zikhale zobulungira, zimaposa timapulasitiki tomata tomwe ana amamatula n'kuika m'kamwa. Yendetsani dzanja kunsi kwa mipando kufufuza misomali ndi zibanthu. Zogwirira madirowa zikhale zomanga ndi sikuluu kuchokera mkati, ndipo chilichonse chomasuka chokwana mumpukutu wa pepala la kuchimbudzi chingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3. Matebulo agalasi ndi mipando yopinda, yomwe imapana zala, adikire ana akule.

Pakatha miyezi ingapo iliyonse, zungulirani ndi sipanala ndi sikuluudiraiva kumangitsa mabawuti a mabedi ndi mipando, n'kukokanso makabati aja kuona ngati zitsulo za kukhoma zikadagwira. Mukasuntha kabati pokolopa kapena posintha chipinda, imangirireninso tsiku lomwelo.