Pizza ikafika pakhomo, tiyigawe ndi kuidya bwanji

Mwezi watha kwa asisi anga ku Kapata kunali kaphwando ka tsiku lobadwa la mwana wawo, anagula ma pizza atatu akuluakulu, ndiye mabokosi atangotera patebulo ana onse anathamangira, uyu wakoka uku uyo wang'amba uko, tchizi kumangotamuka ngati ulimbo, mphindi zisanu sizinakwane zonse zatha. Ambuya athu anali pamphasa chapakona, sanalawe olo kachidutswa. Sanayankhule kanthu koma ine zinandiwawa. Ana aja si amwano ayi, kungoti palibe anawauzapo kuti mwambo omwe timatsata pa mbale ya nsima ndi omwewonso pa bokosi la pizza.

Nkhani imayamba musanagule. Funsani alendo anu zomwe sadya. Kuno ku Chipata tili ndi abale athu achisilamu ambiri, tilinso ndi a Sabata, onsewa nkhumba sadya, pomwe ham ndi bacon ndi nkhumba yeniyeni, pepperoni nayo nthawi zambiri imakhala ndi nkhumba. Musaganize kuti mungochotsa tinyama tapamwambapo basi zatheka, mafuta ake amakhala alowerera kale mu tchizi. Kwa msilamu funsaninso kogulako ngati nkhuku kapena ng'ombe yawo ndi ya halal. Mukakayika tengani Margherita, ija ya matimati, tchizi cha mozzarella ndi timasamba ta basil, ilibe nyama. Ndipo ikhale mu bokosi lakelake, mpeninso wakewake.

Pizza yaikulu kawirikawiri imabwera yodulidwa zidutswa 8, munthu wamkulu amadya ziwiri kapena zitatu, ndiye werengerani imodzi anthu atatu. Ngati alipo anyamata oti angochoka ku mpira, onjezerani, kapena konzani tchipisi ndi saladi pambali.

Chakudya ichi sichidikira munthu. Kwawo kwenikweni ndi ku Napoli, ku Italy, komwe amaiphika mu uvuni wa nkhuni otentha kupitirira madigiri 400, mphindi imodzi ndi theka yapsa, ndipo imapita patebulo nthawi yomweyo. Ikazizira tchizi chimalimba ngati labala. Ndiye ngati pali zolankhula, malonje, mphatso, zonsezo zithe pizza isanafike. Pemphero likhale lalifupi. Mukafika nayo tsegulani bokosi pang'ono kuti nthunzi ituluke, mukalisiya lotseka nthawi yaitali pansi pake pamanyowa nkulefuka.

Madzi osamba m'manja ayende kaye, beseni ndi jagi ngati masiku onse, kuyambira akuluakulu. Ndaona anthu amene pa nsima sangayerekeze kudya osasamba koma pa pizza amangogwira, manja omwewo agwira foni, agwira ndalama za taxi. Chonde ayi.

Pogawa, munthu mmodzi ndiye aime pa bokosi, mwini nyumba kapena amene wamutuma. Ayambe wapitanso ndi mpeni m'mizere muja chifukwa kogula sadula mpaka pansi nthawi zonse, ndiye chifukwa chake ukakoka chidutswa chako chimabwera ndi nyama ya mnzako. Ambuya, amalume, alendo, alandire poyamba, pa mbale, osati kuwalozera bokosi kuti "tengani". Akuluakulu ambiri sangatambasule dzanja pakati pa ana, amangoti ndakhuta pomwe sanadye. Ngati apongozi alipo ndipo kwanu simudyera pamodzi, atengereni mbale yawo komwe akhala, mugwade ngati mmene mumachitira ndi nsima, ndipo auzeni zomwe zili pamwambapo, "iyi ndi ya nkhuku amama, ilibe tsabola". Kwa okalamba amene mano anatha, aduleni tizidutswa ting'onoting'ono ndipo asankhireni chapakati pofewa.

Manje iwe amene ukudzitengera wekha, chomwe wagwira ndi chako. Osagwira ichi, kusiya, kugwira icho kufuna chachikulu. Tenga cha mbali yako. Ndipo chinthu chimene chimandinyansa kwambiri ndi kutola nyama pamwamba pa zidutswa zomwe zidakali mu bokosi, kuli ngati kuvuula nyama yonse mu mbale ya ndiwo nkusiyira anzako msuzi. Ngati sukonda chinanazi kapena bowa, chotsa pa mbale yako, usiye pambali mwakachetechete.

Za manja kapena foloko anthu amakangana pachabe. Ku malesitilanti a ku Italy aliyense amaitanitsa pizza yakeyake, imabwera yosadula, amadya ndi mpeni ndi foloko. Koma mu misewu ya Napoli momwemo amaipinda panayi ngati kachikwama ka ndalama, amati a portafoglio, nkumadya akuyenda. Ku New York amapinda chidutswa pakati m'litali. Ndiye zonse ndi zololedwa, musaseke munthu amene wapempha foloko, musachitenso manyazi kudya ndi manja, ife ndiye akatswiri a zimenezo. Ngati muli pa nkhomaliro ya kuntchito mwavala malaya oyera, foloko ikupulumutsani. Ndi manja, gwirani kumkombero kokhuthala kuja, chala cholozera chikanikize pakati pang'ono kuti chidutswa chipindike ngati ngalande, mukatero kunsonga sikugwa ndipo mafuta satsikira pachigongono. Yambani kunsonga. Ikakhala yamoto dikirani kamphindi, tchizi chotentha chimamatirira kukamwa kumtunda nkusupula. Chikatamuka mukaluma, dulani ndi mano kapena chala, osakweza dzanja mmwamba ngati mukuuluza kaiti. Tishu akhale pafupi.

Mkombero uja ndi buledi, si chotaya. Amene amadziwa ntchitoyi amasiya ufa okanda kuti ufufume maola ambiri, ndipo luso la ophika pizza a ku Napoli linalembedwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2017 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu, ndiye ukaona mikombero itaunjikana ngati zitsononkho mtima umawawa ndithu. Ngati yakukanikani, isiyeni pa mbale yanu, osaibweza mu bokosi momwe ena akutengamo. Tomato sosi kapena tsabola nayenso thirani pa mbale yanu, ndipo lawani kaye, makamaka ngati mwini nyumba waphika yekha.

Chidutswa chomaliza osangochitola. Yang'anani kaye ngati aliyense wadya, kuphatikiza uja anali kukhitchini kutsuka mbale ndi mwana amene anatumidwa kukagula zakumwa, awa ndi amene amaiwalika. Ngati onse adya, funsani mokweza, awiri akachifuna chiduleni pakati.

Zotsala zilowe mu furiji pasanathe maola awiri, makamaka mu Okutobala kukamatentha, ndipo ngati magetsi apita ndibwino kungogawira aneba tsiku lomwelo. Potenthetsa mawa lake simufunika uvuni. Ikani pani youma pa mbaula ya makala ochepa, chidutswa chikhale mphindi ziwiri kapena zitatu kuti pansi paume, kenako donthezani timadzi pang'ono pambali pake osati pamwamba, vindikirani kamphindi kamodzi, tchizi chisungunukanso. Ndi mmene ndinawakonzera ambuya patapita sabata chichitikireni kaphwando kaja, pizza yawo ya nkhuku, anadya zidutswa ziwiri ndi tiyi.