Momwe mungalembere nthano yaitali ya mwana wozunzidwa amene khoti lalephera kumuteteza

Mwana waulula kuti kholo lake limamuchita nkhanza. Nkhani yafika ku khoti loona za mabanja, mboni zayankhula, maloya atsutsana, koma chigamulo chatuluka choti mwanayo azikagona kwa yemwe amamuopayo. Nkhani zotere zilipo m'mayiko ambiri, ndipo zimasowa alembi chifukwa n'zowawa kuzigwira. Ngati mwatsimikiza mtima kulemba nthano yaitali pa mutu umenewu, nazi njira zoti mutsate.

Yambani ndi lamulo musanagwire cholembera. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 Novembala 1989, lili ndi ndime zitatu zoti muziloweze. Ndime 3 imati pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, zomukomera iyeyo ziyenera kukhala patsogolo. Ndime 12 imati mwana amvedwe maganizo ake. Ndime 19 imati boma limuteteze ku nkhanza za mtundu uliwonse, ngakhale zochokera kwa makolo ake. Nthano yanu igona pa mpata umene uli pakati pa mawu amenewa ndi zimene mwana amakumana nazo. Dziwaninso kuti mlandu waupandu umafuna umboni wolimba kwambiri kuposa mlandu wa banja. Choncho apolisi akhoza kutseka nkhani chifukwa umboni waperewera, wozunzayo n'kupita ku khoti la mabanja akudziguguda pachifuwa kuti "anandipeza wosalakwa", chonsecho palibe amene anamuzenga mlandu.

Kenako pangani woweruza, ndipo apa ndi pamene alembi ambiri amaterereka. Musamusandutse chilombo. Woweruza wankhanza, wolandira ziphuphu, amapeputsa nkhani, chifukwa wowerenga amangoti vuto ndi munthu mmodzi woipa, akachotsedwa zonse zikhala bwino. Choopsa chenicheni ndi woweruza wabwinobwino, wotopa, amene ali ndi mulu wa mafayilo patebulo ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana aliyense amafunika makolo onse awiri. Mu 2020 unduna wa zachilungamo wa ku Britain unatulutsa lipoti lokhudza makhoti a mabanja a ku England ndi Wales, ndipo linatchula zinthu zinayi: kuchepa kwa ndalama ndi antchito, chizolowezi chokakamira kuti mwana azionana ndi makolo onse zivute zitani, maofesi osauzana zimene akudziwa, ndiponso kazengedwe kolimbanitsa makolo ngati adani. Chilichonse mwa zinayizi chikhoza kukhala mutu wathunthu m'buku lanu.

Pali chida china chimene loya wa m'nthano yanu angagwiritse ntchito. Mu 1985 dokotala wa zamaganizo wa ku America, Richard Gardner, anafalitsa ganizo lakuti mwana akamakana kholo limodzi, ndiye kuti kholo linalo lamuthira mawu. Ganizoli lakhala likutsutsidwa kwambiri, ndipo mu 2023 Reem Alsalem, nthumwi yapadera ya United Nations yoona za nkhanza kwa amayi ndi atsikana, anachenjeza kuti limagwiritsidwa ntchito pokwirira madandaulo a nkhanza. Taonani msampha wa ganizoli: kholo loteteza likafuula, akuti likudetsa mnzake, likakhala chete, akuti panalibe vuto. Ikani mpangankhani wanu pakati pa moto uwiri umenewu, kenako mumusiye avutike posankha. Wozunzayo, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, mumupatse ulemu, mawu ofatsa ndi zovala zosita bwino, moti wowerenga nayenso akayike kwa kanthawi.

Tsopano mwanayo. Ine ndimaona kuti buku lonse limaima kapena kugwa pa iyeyu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sanena kuti "ufulu wanga waphwanyidwa". Iye amadwala m'mimba Lachisanu lililonse, tsiku lobwera kudzamutenga. Amamanga zingwe za nsapato pang'onopang'ono, n'kuzimasula, n'kuyambiranso, galimoto ikulira panja. Amayambanso kukodza pogona atasiya kalekale. Akamufunsa mlendo wonyamula kope m'chipinda chimene sanalowemo chibadwire, amayang'ana pansi n'kunena kuti zonse zili bwino. Mu 1983 dokotala wina, Roland Summit, anafotokoza kuti ana ogwiriridwa amasunga chinsinsi, amachedwa kuulula, ndipo ena akaulula amabweza mawu. Lembani tsiku limene mwanayo akubweza mawu ake. Aona mayi ake akulira, m'bale wake wasiya kumuyankhula, ndiye akuti: "Ndimanama." Pampondachimera pa nthano yanu pakhoza kukhala pamenepa, osati m'khoti. Kumbukiraninso kuti nthawi zambiri kuchipatala sapeza chizindikiro chilichonse pathupi la mwana wogwiriridwa, ndipo chikalata chonena zimenezo chimasanduka mkondo m'manja mwa loya.

Nkhanzayo musaijambule. Imani pakhomo, chitseko chitsekeke, mutu uthe. Wowerenga amva ululu wake m'mawa mwake, mwana akukana kusamba. Thupi la mwana si chokometsera nkhani.

Lolani kuti nthawi ndi mapepala zigwire ntchito. Makhoti amalephera mwakachetechete: mlandu waimitsidwa chifukwa lipoti silinafike, wogwira ntchito yosamalira ana wasamutsidwa, watsopano wayambiranso mafunso. Lowetsani m'nthano makalata, malipoti ndi zigamulo zolembedwa m'chiyankhulo chawo chozizira, ndipo pambali pake muike zimene mwanayo ananenadi. Iye anati, "Sindifuna kupita, amatseka chitseko." Lipoti likuti mwanayo akuoneka kuti sanazolowere dongosolo latsopano. Miyezi ikamadutsa, onetsani nsapato zija zayamba kumupana.

Pofufuza, chezani ndi maloya, aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu amene anazunzidwa ali ana, ngati avomera okha. Mwana amene ali pakati pa mlandu musamufunse mafunso. Mungamupweteke kawiri, mungawonongenso umboni wake. M'mayiko ambiri milandu ya ana imazengedwa anthu wamba atatsekeredwa kunja, ndipo kuulula dzina la mwana ndi mlandu. Kusintha dzina lokha sikukwanira. Sinthani msinkhu, ntchito za makolo, chiwerengero cha ana, mpaka mwini nkhani asadzizindikire.

Mathero musawakometse mokakamiza. Khoti likalephera m'mitu yonse, lisadzidzimuke patsamba lomaliza. Komabe musamusiye mwanayo yekhayekha: pakhale munthu mmodzi, mwina mphunzitsi amene walemba tsiku ndi mawu enieni a mwanayo m'kope lake, amene wamukhulupirira. Mukamaliza, perekani zolemba zanuzo kwa loya wodziwa milandu ya mabanja kuti akonze zolakwika za kazengedwe, ndiponso kwa mlangizi wa ana kuti aone ngati mawu a mwanayo akumveka a mwana. Patsamba lomaliza pemphani wosindikiza aike nambala ya foni yothandiza ana ya dziko limene bukulo likagulitsidwe, chifukwa ena mwa owerenga anu adzakhala akuwerenga za iwo eni.