Kukonza sewero la Ntozake Shange mu Lusaka

Ntozake Shange, mlembi wa masewero ndi ndakatulo wa ku America, anabadwira ku Trenton, New Jersey, mu 1948 ndipo anamwalira mu 2018. Sewero lake lotchuka, "for colored girls who have considered suicide / when the rainbow is enuf", linafika ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku New York, mu 1976. Ndi ndakatulo 20 zolukidwa pamodzi ndi gule ndi nyimbo, zomwe mwini wake anazitcha choreopoem.

Musanasungitse holo ngati Lusaka Playhouse, pezani chilolezo kwa osunga ufulu wa sewerolo.

Pafunika amayi asanu ndi awiri. Alibe mayina, amadziwika ndi mtundu wa chovala: chofiira, cha olenji, chachikasu, chobiriwira, cha buluu, chapepo ndi chakhofi. Ku Kamwala gulani nsalu yopanda maluwa, mamita atatu aliyense, chifukwa chitenje chamaluwa chimasokoneza woonera wakumbuyo. Pabwalo losewerera pasakhale mipando.

Pa sabata ziwiri zoyamba muzingowerenga mokweza. Shange ankalemba ndi zilembo zazing'ono ndi timizere topendekeka. Pakamzere paliponse wosewera apume pang'ono. Ambiri amalakwa apa, amaima njo n'kumalakatula ngati pa asembule ya kusukulu, mawu n'kuuma. Thupi liziyenda ndi mawu, ndipo anzake asamangodikira nthawi yawo, azimuyankha ndi mapazi ndi maso. Ng'oma imodzi yakwana, woimba aziigunda ndi zala, apo ayi imameza mawu.

Ndakatulo ya mayi wovala chofiira, ya bambo woponya ana ake pawindo, ndi yolemera kwambiri. Chenjezani anthu pachikwangwani, ndipo pakhomo pakhale mlangizi wodziwa za nkhanza za m'banja.